Masipika Asanu ndi Imodzi, Koma Olira Awiri Okha

Amene mwangoweruka kumene ku nchito, khalani pansi mupumule. Amene muli kukonzeka kukalowa shifiti ya usiku, tamverani kaye pang'ono musananyamuke.

Nkhani ya lero yacokera m'kalata imene tinalandira kwa bambo wina wogwira nchito pansi pa mgodi ku Mufulira. Bamboyu anasunga ndalama miyezi ingapo, nagula masipika asanu ndi imodzi oti alumikize ku kompyuta yace ya panyumba, pofuna kuti iye ndi banja lace aziona mafilimu mau ali kuwazinga mbali zonse monga zimakhalira m'nyumba za kanema. Koma atalumikiza zingwe zonse anapeza kuti olira ndi awiri okha a kutsogolo. Ena anai ali duu ngati miyala. Amai a kunyumba ayamba kale kufunsa ngati ndalama zimene zikadagula mayunifomu a ana zinathera pa mabokosi osalankhula. Tsono bamboyu afunsa kuti, kodi abweze katunduyo kusitolo, kapena aitane wokonza, kapena angovomera kuti anamdyera masuku pamutu?

Yankho langa kwa inu bambo, ndi kwa onse amene ali ndi dandaulo lotere, ndi ili: musathamangire kusitolo, ndipo musatulutse ndalama ina. Kawiri-kawiri sipika yosalira siikhala yakufa ai. Imakhala kuti mau sanaifikire. Mau ocokera m'kompyuta amayenda ulendo, ndipo pa ulendowo pali zipata zinai: cimene kompyuta yauzidwa, zingwe, cimene muli kuliza, ndi malo amene mwaika masipika. Inu a kumgodi mudziwa kuti madzi akaleka kutuluka kumapeto kwa paipi, munthu wanzeru sayamba ndi kutaya pampu. Amatsata paipiyo, nayang'ana valavu iri yonse kufikira apeze pamene patsekeka. Momwemonso ndi mau. Lamulo lace ndi limodzi: sinthani cinthu cimodzi, yesani, ndipo mukatero musinthe cina. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sadziwa cimene cacritsa ngakhale cimene caononga. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

TANTHAUZO LA 5.1

Tisanafike ku zipatazo nkofunika tidziwe nchito ya sipika iri yonse. Akulu-akulu ena pakati panu akumbukira kawailesi kaja ka buluu kozungulira ngati poto, ka dzina loti Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa m'dziko muno m'caka ca 1949. Kanali ndi sipika imodzi, ndipo woyimba, gitala ndi ng'oma zonse zinali kutulukira pa khomo limodzi. Koma munthu ali ndi makutu awiri, ndipo ndi makutu awiriwo amazindikira kumene mau ali kucokera. M'caka ca 1931 Alan Blumlein, injiniya wa ku England, analembetsa nzeru yojambula mau m'njira ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Ndiyo imene lero timati stereo. M'caka ca 1940 kampani ya Walt Disney inaonetsa filimu ya Fantasia ndi masipika ozinga anthu m'nyumba zowerengeka za kanema ku America. Dongosolo limene liri m'nyumba zathu linakhazikika pambuyo pace, pamene Dolby Digital inamveka m'filimu ya Batman Returns m'caka ca 1992, ndi DTS m'filimu ya Jurassic Park m'caka ca 1993.

Nambala ya 5.1 yolembedwa pa katoni itanthauza njira zisanu za mau onse, ndi njira imodzi ya mau akuya okha-okha. Sipika ya pakati ndiyo mlankhuli: pafupi-fupi mau onse a anthu a m'filimu amatulukira m'menemo. Awiri a kutsogolo amasenza nyimbo ndi phokoso la zocitika pa cithunzi. Awiri a kumbuyo ndiwo a mvula, mphepo, khamu la anthu ndi galimoto yodutsa. Nchito yao ndi yocepa, ndipo nthawi zambiri amangonong'ona. Cibokosi cacikulu cija, subwoofer, cimene ambiri amangoti wufa, cimatulutsa mau akuya onga a bingu ndi a ng'oma yaikulu. Cotero masipikawa ali ngati kwaya: ali yense ali ndi liu lace, ndipo sayimba onse mofanana nthawi zonse.

CIPATA COYAMBA: KOMPYUTA IUZIDWE

Kompyuta siiona kuti mwaika masipika angati m'cipinda. Ikapanda kuuzidwa imayesa kuti muli ndi awiri, nitumiza mau ku awiriwo basi. Ndikhulupira kuti apa ndi pamene pagona vuto la bambo a ku Mufulira.

Ndinena za Windows, popeza ndi imene iri m'makompyuta ambiri a m'nyumba, ndipo njira imene ndikuuzeniyi igwira pa Windows 10 ndi pa Windows 11 pomwe. Tengani pensulo mulembe. Dinani batani lokhala ndi cizindikiro ca Windows pamodzi ndi batani la R. M'kabokosi kamene katuluke lembani mmsys.cpl ndi kudina Enter. Pansi pa mau akuti Playback mudzaona mndandanda wa zipangizo zotulutsa mau. Yang'anani cimene ciri ndi kacizindikiro kobiriwira, pakuti ndiko kumene mau ali kupita. Munthu akalumikiza TV ndi cingwe ca HDMI, nthawi zina Windows imasamutsira mau kumeneko mwini wace osadziwa. Sankhani Speakers, ndipo ngati kacizindikiroko kali pena, dinani Set Default.

Tsopano dinani Configure. Mudzaona mau akuti Stereo, Quadraphonic, 5.1 Surround ndi 7.1 Surround. Sankhani 5.1 Surround, ndi kudina Test. Kompyuta idzaliza kabelu pa sipika imodzi-imodzi, ndi kuonetsa pa cithunzi imene iyenera kulira. Mukhozanso kudina pa cithunzi ca sipika iri yonse payokha. Pa makompyuta ena 5.1 Surround yalembedwa kawiri, ina ya masipika a m'mbali, ina ya a kumbuyo. Yoyamba ikakana yesani inzace. Mukapitirira ndi Next mudzafunsidwa masipika amene muli nao, kenaka amene ali full-range, ndiko kuti okhoza kutulutsa mau onse kufikira akuya omwe. Ngati anu ndi timabokosi ting'ono-ting'ono musaike cizindikiro pamenepo, pakuti mau akuya ndi nchito ya wufa. Tsirizani ndi Finish. Mukatseka kabokosiko musanafike pamenepo, zonse mwasankhazo zitayika.

Kuyesa kwa Test kumeneku ndiko mboni yanu yosanama. Onse asanu ndi imodzi akalira, ali yense pamalo pace, ndiye kuti zida zanu ziri bwino. Ngati 5.1 Surround palibe konse pa mndandanda, mwina kompyuta yasowa kapulogaramu koyendetsa cipangizo cace ca mau, kamene amati driver. Katengeni kwa kampani imene inapanga kompyutayo. Kumbukiraninso kuti kapulogaramu kameneka kakasinthidwa ndi katsopano, kompyuta ikhoza kubwerera ku Stereo yokha. Masipika akakhala cete mwadzidzidzi dzulo ali bwino-bwino, yambani mwasuzumira kuno.

CIPATA CACIWIRI: ZINGWE

Walira mvula walira matope; wofuna masipika ambiri avomerenso zingwe zambiri. Zimitsani masipika musanagwire cingwe ciri conse. Kumbuyo kwa kompyuta ya pa desiki kuli timabowo ta mitundu-mitundu. Pulagi yaing'ono ija ya mamilimita 3.5 imanyamula njira ziwiri zokha, cotero njira zisanu ndi imodzi zifuna mapulagi atatu. Bowo lobiriwira ndi la masipika awiri a kutsogolo. Lakuda ndi la awiri a kumbuyo. La mtundu wa lalanje ndi la sipika ya pakati pamodzi ndi wufa. Lotuwa likakhalapo ndi la masipika a m'mbali a 7.1, la pinki ndi la maikolofoni, ndipo la buluu ndi lolowetsera mau ocokera kwina. Munthu amene walowetsa pulagi imodzi m'bowo lobiriwira watsegula njira ziwiri zokha mwa zisanu ndi imodzi.

Makompyuta ena ali ndi mabowo atatu okha: la buluu, lobiriwira ndi la pinki. Musataye mtima. Pa ambiri a iwo pulogaramu ya mau, monga ya Realtek, imalola kusintha nchito ya mabowowo, kotero kuti la buluu lisanduka la masipika a kumbuyo, la pinki lisanduka la sipika ya pakati ndi wufa. Koma laputopu yokhala ndi bowo limodzi la mahedifoni siingathe kutulutsa njira zoposa ziwiri pa bowo limenelo, ngakhale mutagula timapulagi togawa tingati. Cofunika pamenepo ndi kabokosi ka mau kolowa m'USB, kokhala ndi mabowo atatu aja.

Yang'ananinso kumbuyo kwa wufa, kumene zingwe zocokera ku kompyuta zimalowa. Zilembo FL ndi FR ndi za kutsogolo, RL ndi RR kapena SL ndi SR ndi za kumbuyo, CEN ndi ya pakati, SW ndi ya wufa. Masipika ambiri ali ndi batani losankhira kumene mau alowera. Likakhala pa AUX kapena pa 2.1 zingwe zinazo zigona. Ndipo inu amene simunagule, mverani ici: alipo masipika okhala ndi mabokosi asanu ndi limodzi koma polowera mau pali njira ziwiri zokha. Otere amangogawira mau amodzi-modzi ku mabokosi onse. Musanapereke ndalama, tembenuzani wufa muwerenge mabowo olowetsera mau.

Nanga mudziwa bwanji ngati sipika ndi yamoyo? Pali kuyesa kosalira ndalama. Cotsani pulagi yakuda ku kompyuta, muilowetse m'foni kapena m'bowo lobiriwira, ndi kuliza nyimbo motsitsa. Masipika a kumbuyo akayimba ndiye kuti iwo ndi cingwe cao alibe mlandu. Colakwa ciri ku kompyuta. Citani cimodzi-modzi ndi pulagi ya lalanje. Sipika imodzi ikakhalabe cete, isinthanitseni ndi inzace yolira. Ucete ukatsata bokosi, bokosilo ndilo lodwala. Ukatsala pamalo pomwepo, codwala ndi cingwe kapena bowo la pa wufa.

Palinso kusokonezeka kwina kofala. Popeza sipika ya pakati ndi wufa zimayenda m'cingwe cimodzi, nthawi zina zimasinthana, ndipo mau a anthu amveka ngati munthu wolankhulira m'mgolo. Pa pulogaramu ya Realtek pali poti Swap Center / Subwoofer Output. Ikani cizindikiro pamenepo. Ngati zingwe zanu ziri ndi mapulagi awiri ofiira ndi oyera ku mbali ya wufa, ingosinthanitsani a CEN ndi SW.

Ena a inu mumalumikiza kompyuta ku amplifaya ndi cingwe cimodzi. Dziwani kusiyana kwace. Cingwe ca HDMI cikhoza kunyamula njira zisanu ndi zitatu monga ziri, ndipo ndico cabwino koposa. Cingwe copyapyala ca optical, cimene cimayendetsa mau ndi kuwala kofiira, cimanyamula njira ziwiri zokha za mau wamba, 5.1 imadutsamo pokha-pokha itapanikizidwa kale monga Dolby Digital kapena DTS. Ndico cifukwa cace filimu ikhoza kumveka mbali zonse pa cingweci pamene masewera a pa kompyuta amveka kutsogolo kokha. Bluetooth nayo imatumiza nyimbo m'njira ziwiri basi.

CIPATA CACITATU: CIMENE MULI KULIZA

Tsono tiyese kuti Test yaliza masipika onse, koma mukaika nyimbo a kumbuyo akhalanso cete. Apa anthu ambiri amapsa mtima pacabe. Palibe cimene caonongeka. Nyimbo zambiri, kaya kalindula, kaya za kwaya, kaya rumba, zinajambulidwa m'njira ziwiri, ndipo zambiri za pa intaneti zirinso comweco. Kompyuta siingatumize kumbuyo mau amene m'nyimbomo mulibe. Simungathire mabotolo asanu ndi limodzi a mkaka pamene ng'ombe yakupatsani awiri, pokha-pokha mutasungunula ndi madzi.

Kusungunulako nkotheka ngati mukufuna. M'kabokosi kaja ka Playback sankhani Speakers, dinani Properties, ndipo pansi pa Enhancements funani poti Speaker Fill. Pa makompyuta ena mau amenewa ali m'pulogaramu ya Realtek. Mukaika cizindikiro, kompyuta itenga mau a kutsogolo ndi kuwagawirako masipika enawo. Pa phwando nzokoma, cifukwa cipinda conse cidzala. Koma dziwani kuti ndi mau obwereka.

Filimu nayonso iyenera kukhala ndi 5.1 mkati mwace. Ma DVD ambiri ali ndi mau a mitundu iwiri, a 2.0 ndi a 5.1, ndipo mwini ayenera kusankha. M'pulogaramu yoonetsera mafilimu, monga VLC, pitani pa Audio ndi kusankha mau olembedwa 5.1. Ndipo ngakhale filimu iri ya 5.1 yeni-yeni, anthu awiri akamaceza m'nyumba masipika a kumbuyo sakhala ndi cocita. Ayeseni pa malo a mvula, nkhondo kapena bwalo la mpira.

Inu amene muli ndi masipika awiri okha, pano pali cenjezo lanu. Mukauza kompyuta kuti muli ndi 5.1 pamene mulibe, idzatumiza mau a anthu ku sipika ya pakati imene kulibe. Mudzamva nyimbo ndi mfuti, koma milomo ya anthu idzangogwedezeka popanda liu. Bwezerani pa Stereo, ndipo adzalankhulanso.

CIPATA CACINAI: MALO A MASIPIKA

Masipika onse asanu ndi imodzi akaunjikidwa pa shelefu imodzi pafupi ndi sikirini, monga ndaonera m'nyumba zambiri, ndalama ya anai yapita pacabe. M'caka ca 1992 bungwe la ITU, loyang'anira za matelefoni ndi mawailesi pa dziko lonse, linakhazikitsa muyeso wa kaikidwe kace: sipika ya pakati molunjika pamaso, awiri a kutsogolo pa madigiri 30 uku ndi uku, a kumbuyo pakati pa madigiri 100 ndi 120. Musabvutike ndi madigiri. Ganizani kuti mwakhala pakati pa koloko yaikulu yogonekedwa pansi, nkhope yanu iri kuyang'ana pa 12. Sipika ya pakati ikhale pa 12, pansi kapena pamwamba pa sikirini. A kutsogolo akhale pa 11 ndi pa 1. A kumbuyo akhale pa 8 ndi pa 4, ndiko kuti m'mbali mwanu cakumbuyo pang'ono, osati kumsana kweni-kweni. A kutsogolo alingane ndi makutu a munthu wokhala pampando. A kumbuyo akhoza kukwera pang'ono.

Mtunda nawo uli ndi kanthu. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo khutu limakokera mau ku sipika imene liu lace layamba kufika. Sipika imodzi ikayandikira kuposa inzace, filimu yonse ipendekera mbali imeneyo. Tengani cingwe, mumange ku mpando umene mumakhalapo, ndi kuyesa kuti masipika asanu aja atalikire mofanana monga mungathere. Ngati mpando uli wotsamira khoma, monga ziri m'nyumba zambiri za m'komboni, ikani a kumbuyo m'mbali ndi pamwamba, ayang'anane okha-okha, ndipo muwatsitse mau. Kutsitsako mucite pa Properties, Levels, kenaka Balance, pamene sipika iri yonse iri ndi muyeso wace. Colinga ndi cakuti kabelu ka Test kamveke ndi mphamvu yofanana mbali zonse mutakhala pampando wanu.

Wufa iribe malo okhazikika pa koloko ija, cifukwa khutu silizindikira bwino kumene mau akuya kwambiri ali kucokera. Koma cipinda cimasintha mau ace. Pa ngodya imakula mphamvu, ndipo nthawi zina imangobuula osamveka cimene iri kuyimba. Nayi nzeru imene akatswiri amacita: ikani wufa pampando wanu, lizani nyimbo ya besi yomveka bwino, ndipo mukwawe m'mbali mwa makoma muli kumvetsera. Pamene besi imveka yoyera, yosabuula ndi yosazilala, ndi pamene muike wufayo. Ana adzakusekani, koma khutu lidzakuthokozani. Cipinda ca simenti yokha-yokha cimabweza mau ndi kuwasokoneza. Makatani, kapeti ndi mipando ya nsalu zimathandiza kuposa kugula sipika yina.

Masipika olumikizidwa ndi mawaya awiri osenda, onetsetsani kuti waya wa pa cofiira ku amplifaya wafikanso pa cofiira ku sipika. Imodzi ikatembenuzidwa imakankha mpweya pamene inzace iri kukoka, ndipo besi icepa, mau namwazika.

Kumbukiraninso anansi. Mau akuya amapyola khoma mosabvuta kuposa mau ena onse, ndipo kuseri kwa khomalo mwina kuli mnzanu amene watuluka shifiti ya usiku, ali kufuna tulo masana. Musagundike wufa ku khoma limene mugawana ndi nyumba yina.

MAU A ANTHU AKAMAMIRA

Dandaulo lina limene timamva ndi lakuti mfuti ndi nyimbo zigonthetsa m'khutu, koma zimene anthu ali kunena sizimveka. Munthu amakweza mau onse, mabomba akaphulika natsitsanso, usiku wonse dzanja liri pa batani. Mankhwala ace si kukweza onse ai. Pitani ku Balance kuja, musiye sipika ya pakati pamwamba, ndi kutsitsa pang'ono ena onse pamodzi ndi wufa. Onaninso kuti sipika ya pakati siinabisike m'kabati kapena kuseri kwa maluwa, ndi kuti yaloza ku nkhope yanu. Pansi pa Enhancements, ngati pali poti Loudness Equalization, ikanipo cizindikiro. Imatsitsa zophulika ndi kukweza zonong'ona, ndipo ndi yothandiza usiku ana atagona.

Koma pano ndifuna kulankhula ndi inu a kumgodi maka-maka, pakuti mwina colakwa siciri m'sipika. Phokoso la makina limaononga khutu pang'ono-pang'ono, ndipo limayamba ndi mau okwera a pafupi ndi 4,000 Hz, ndiko kuti onjenjemera ka 4,000 pa sekondi. M'dera limenelo ndi mmene muli timau tonga s, f ndi t, timene timasiyanitsa liu ndi linzace. Munthu wotere amamva kuti anthu ali kulankhula, koma sazindikira cimene anena. Mphamvu ya phokoso imayesedwa m'madesibelo. Muyeso umene akatswiri ambiri a zaumoyo wa anchito amatsata ndi wakuti pa madesibelo 85 munthu asapyole maola 8 pa tsiku, ndipo pakaonjezeka 3 nthawiyo idulidwa pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, pa 100 mphindi 15 zokha. Makina oboolera mwala amapyola 100. Khutu limene lasenza phokoso tsiku lonse ku nchito lifuna kupuma madzulo, osati kusenzanso lina kunyumba. Ndipo khutu loonongeka ndi phokoso silicira.

Cotero ngati amai ndi ana amva bwino-bwino pamene inu simukumva, kapena ngati m'makutu mwanu mulira ngati nkhululu mukagona, musakweze masipika. Pitani kucipatala akakuyeseni, ndipo zotseka m'makutu za ku nchito muzibvala osaphonya. Kunyumba muyeso wapafupi ndi uwu: ngati muyenera kukuwa kuti wokhala naye pampando akumveni, mau akwera mopyola.

KUNG'UNG'UZA NDI KUTHETHEKA

Catsala ndi phokoso losaitanidwa. Kung'ung'uza kwakuya kosalekeza, kumene kumveka ngakhale nyimbo itaima, kumacokera ku magetsi, amene m'dziko muno amabwera ndi mphamvu ya mavoti 230 nanjenjemera ka 50 pa sekondi. Kawiri-kawiri kumayamba pamene kompyuta ndi masipika zalumikizidwa ku masoketi osiyana. Zilumikizeni pa soketi imodzi, ndipo zingwe za mau muzitalikitse ku zingwe za magetsi. Wina akakuuzani kuti mucotse waya wa mwendo wacitatu wa pulagi, wautali uja, kuti kung'ung'uza kuthe, mukane ndithu. Waya umenewo ndi umene umatsogolera magetsi pansi cipangizo cikaonongeka, kuti asadzere m'thupi la mwana amene wagwira citsulo.

Kuthetheka kumene kumveka mukagwedeza cingwe kutanthauza pulagi yosalowa bwino, yadzimbiri, kapena waya woduka mkati. Kankhani pulagi kufikira ilowe yonse. Ikapitirira, sinthani cingwe, cimene mtengo wace ndi wocepa. Kulira kodukiza-dukiza kumene kumadza foni isanaitane ndi foni yomweyo. Icotseni pafupi ndi masipika. Ndipo magetsi akazima, zimitsani zonse pa khoma, cifukwa pobwera nthawi zina amadza ndi ukali umene ungapsereze amplifaya.

Wokonza muitane pa zifukwa izi: sipika yakhalabe cete ngakhale mwaiyesa ndi foni ndi cingwe cina, wufa siiyaka konse, kapena mwamva pfungo la kupsa. Musatsegule wufa nokha, pakuti mkati mwace muli zipangizo zosunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati katunduyo ndi watsopano, pitani naye kusitolo pamodzi ndi lisiti, ndipo popeza mwayesa zonse mwadongosolo mudzatha kunena molunjika kuti bokosi lakuti ndilo lafa. Wogulitsa sakangana nthawi yaitali ndi munthu wodziwa cimene ali kunena.

Tsono bambo a ku Mufulira, mawa mukaweruka citani motere. Uzani kompyuta kuti muli ndi 5.1, ndi kudina Test. Werengani mapulagi, akhale atatu, lobiriwira, lakuda ndi la lalanje, ndipo batani la pa wufa likhale pa 5.1. Wosalira muyeseni ndi foni. Ikani filimu ya 5.1 yeni-yeni, ndi kumwaza masipika monga manambala a pa koloko. Mukatsiriza, mpando wa pakati mupatse amai, amve okha mvula iri kugwa kumbuyo kwao denga liri louma. Pamenepo mlandu wa ndalama zija mukambirane mwamtendere, ndipo mwezi wa mawa mayunifomu ayambe ndiwo.

Mutilembere kuti tidziwe cipata cimene cinali cotseka. Kwa lero ndalekeza pano. Amene muli kupita ku nchito muyende bwino, ndipo mukatuluke amoyo. Otsala nonse, gonani bwino.